Nsalu Yachikasu pa Tsala

Gofu ndinaiphunzira ku Lilongwe ndikunyamulira azungu zikwama. Nditapeza ntchito yoperekera zakudya pahotela ina ku Senga Bay, ndinabwera ndi ndodo ziwiri zakutha ndi timipira tisanu. Manja ankandiyabwa, choncho Loweruka lililonse ndinkasonkhanitsa ana a m'mudzi n'kumawaphunzitsa.

Malo anatibwereka ndi bambo wina wolima chinangwa, pa tsala loyandikana ndi munda wake. Mwana wake wamkazi ndiye ankaposa onse. Anyamata ankamenya mpira ngati akupha njoka, koma iye ankayamba waima phee, kumvetsera mwera. Ndinkamunyadira, sindibisa.

Tinakumba maenje atatu n'kukwiriramo zitini. Dzenje la gofu limafuna kambendera kuti uzilionera patali. Ine, ndi nzeru zanga za m'tauni, ndinang'amba nsalu yakale ya patebulo n'kumangirira pansungwi. Inali yachikasu.

Apo n'kuti zipani zitangoyamba kumene, ndipo mtundu wa nsalu unkayankhula kuposa pakamwa. Mudzi umenewo sunali wa chikasu.

Mtsikana uja anandichenjeza. "Aphunzitsi, nsaluzi tichotse. Kuchigayo anthu akuyankhula."

Ndinaseka. "Iwe, gofu ilibe chipani. Yang'ana mpira."

Loweruka lotsatira anabwera ana anayi okha. Amuna atatu anaima m'mphepete mwa tsala, manja kumbuyo, osayankha moni wanga. Mlungu winawo tinapeza nsungwi zitathyoledwa, zitini zitadzazidwa mchenga. Ndinapsa mtima n'kuzika zina, zazitali kuposa zoyamba. Ndinkati ndikuphunzitsa ana kusagonja.

Komatu ine ndinkagona kumpanda kwa hotela, kuli alonda. Bambo uja ankagona m'mudzi.

Lolemba masana mtsikanayo anafika pageti. Anati chinangwa chawo chonse anthu achizula chisanakhwime n'kuchisiya padzuwa, ndipo pakati pa munda azikapo nsungwi yanga, nsalu ili pomwepo. Sanalire. Anagwada n'kundipatsa ndi manja awiri kampira kamene ndinamupatsa tsiku limene anagonjetsa anyamata onse.

"Ababa akuti zikomo," anatero. "Akuti tsala lija alimapo."

Manyazi anandigwira. Tsiku ndi tsiku ndinkawauza anawo kuti usanamenye uziyamba waona kumene mphepo ikulowera. Amene anamva anali mtsikanayo yekha, ndipo ndodo sanaigwirenso.