Tsiku limene ndodo inakanirira m'dzenje

Anzanga amati ine nkhani ndimaithira mchere wambiri. Chabwino. Koma iyi ndiinena momwe inalili, mwina ndingowaza pang'ono chabe.

Tinali pamudzi wina kumtunda kwa Nkopola, titakumba dzenje la mjigo masiku anayi. Unali mwezi wa Okutobala, dzuwa lija la ku Mangochi loti usipa umayamba kuuma usanavuulidwe n'komwe. Ine ntchito yanga inali ya pa wintchi, makina opukusa waya, kutsitsa ndodo m'dzenje ndi kuikweza. Ndodoyo ndi chitsulo choyezera, chotalika ngati munthu, chonenepa ngati mzimbe wabwino, chomangidwa ku waya wautali. Ikamayenda m'dzenjemo imauza kompyuta pamene pali thanthwe, pamene madzi akulowera, komanso ngati ndi amchere kapena abwino. Popanda iyo mapaipi umangowaika mwachimbulimbuli, mjigo n'kumatulutsa madzi oti ngakhale mbuzi imawanunkhiza n'kutembenuka.

A injiniya athu anali mayi wamfupi wosakonda zolankhulalankhula. Tsiku lonse kwa ine ankangonena mawu amodzi: "Pang'onopang'ono, iwe."

Ndiye tsiku limenelo, Lachisanu, amayi a m'mudzimo anadzaza pansi pa mlambe kudzaonerera, ndi atsikana omwe. Ine ndikaona anthu pakamwa pamayabwa. Ndinayamba kuwauza kuti tsiku lina ndinatsitsa ndodo yomweyi mpaka inakatulukira ku Mozambiki, asilikali akumeneko n'kuifunsa chiphaso. Iwo kuseka, ine kuwonjezera, dzanja nalo kuwonjezera liwiro pa wintchi osadziwa. Ndodo inabwera mothamanga, n'kukhula khoma la dzenje. Ndinangomva wintchi ikubuula, waya n'kuuma gwa!

Mwala unali utagumuka n'kukhala pamutu pa ndodo, pakatikati pa dzenje. Ndinakoka kamodzi, kawiri, katatu. Zii.

"Zimitsa!" anakuwa a injiniya. Aka kanali koyamba kuwamva akukuwa, ndipo mbalame zonse za mumlambemo zinasamukira ku Malindi.

Mkulu wa makina okumba, chimunthu cha mimba ngati thanki, anati timange wayayo kulole yonyamula makinawo tikoke basi. A injiniya anamuyang'ana kuyambira kumapazi.

"Akaduka waya ameneyu, ndodo itsala momwemo, dzenje lafa. Ndipo lole mawa ikupita kwina. Pamudzi pano sitikumbanso kachiwiri."

Mawu amenewo anafika pansi pa mlambe, kuseka konse kunatha. Amayi amenewa ankayenda ulendo wa ola lathunthu kukatunga kunyanja. Mmodzi wachikulire anandiloza ndi chibwano.

"Mwana iwe, pakamwa pakopo pameza mjigo wathu."

Ine ndinangowerama n'kuyang'ana waya uja.

Ndi pamene anatulukira madala ena ochokera kumzikiti, atavala mkanjo woyera mbee ndi kachisoti, msodzi wakalekale wa m'mudzimo. Anapereka salamu, n'kuyandikira dzenje ngati ndi lawo. Anagwira waya ndi zala ziwiri, n'kutsinzina, ngati akumvetsera kampango akudya nyambo.

"Mwakoka kangati, ambuje?" anandifunsa. Kundinena ambuje ine, pamaso pa atsikana.

"Katatu, madala."

"Ndiye mwalawo mwaulimbitsa katatu. Walahi, ana a masiku ano mphamvu zili m'manja, m'mutu muli mphepo."

Anauza a injiniya kuti panyanja mbedza ikakodwa m'miyala sakoka ayi. Amalekerera chingwe kaye, kenako amaveka mphete yachitsulo pachingwe chomwecho, n'kuitsitsa ndi kachingwe kena kuti ikagogode pamene pakodwapo. Mkulu wa makina anaseka kuti ichi si chambo, ndi chipangizo chochokera kunja. A injiniya sanaseke. Anangofunsa funso limodzi lokha: "Mpheteyo siipala waya wanga?"

"Tiikulunga mphira mkati, mayi."

Aise, munthu sunaonepo ntchito ikuyenda ngati mmene inayendera pamenepo! Tinadula kachidutswa ka paipi yachitsulo, n'kukang'amba m'mbali kuti waya alowe. Wakabaza wina anapereka chubu chakale cha njinga yake, ngakhale mpaka lero amati chinali chatsopano. Madala anatuma mdzukulu kukatenga chingwe cha khoka, n'kuvula mkanjo, kuupinda bwinobwino, kuupatsa mayi uja anandinyoza kuti awasungire. Mfundo imene anamanga pampheteyo ndinayesa kuiphunzira, zala zanga zinangomangana zokha.

"Tsopano iwe wa ku Mozambiki," anatero. Kani nkhani ija inali itafika kale kumzikiti. "Lekerera waya chikhatho chimodzi. Chimodzi! Ukapitirira ndikutsitsa iweyo."

Ndinalekerera. Mphete inatsika, chingwe chikuyenda m'manja mwa madala, kutsika, kutsika, mpaka tinamva kuchokera pansi: kho. Anakweza pang'ono, n'kusiya. Kho. Kho. Mudzi wonse unasiya kupuma, ndi nkhuku zomwe. Ine thukuta limene ndinatuluka pamenepo likanadzaza dzenjelo, mjigo osafunikanso.

Anagogoda mwina kakhumi, mwina makumi atatu, ine ndimati kambirimbiri. Kenako waya ananjenjemera m'dzanja langa ngati nsomba yamoyo, pansi n'kumveka phokoso la timiyala tikugwera m'madzi. Mwala uja unali utaphwanyika.

"Yadya!" anakuwa madala. "Chotsani mphete kaye. Iwe, kweza ngati wanyamula mazira a apongozi ako."

Sindinayatse injini. Ndinapukusa ndi manja, pang'onopang'ono zenizeni, mpaka mapewa anayamba kundiyitana dzina. Ndipo mutu wa ndodo unasuzumira pakamwa pa dzenje, matope okhaokha, kachipsera kamodzi m'mbali. Nthungululu zimene zinalira pamenepo anazimva ku boma, ena anatseka mashopu poganiza kuti kwabwera nduna. Mkulu wa makina anandinyamula ngati thumba la makala.

A injiniya anaipukuta ndodo ndi mpango wawo, n'kuilumikiza ku kompyuta. Kanyali kanayaka. Anandiyang'ana.

"Ibwezere m'dzenje."

"Momwemo, bwana? Mmene yachokeramu?"

"Tayeza theka lokha. Ukufuna mapaipi ndiike poyerekeza?"

Ndinaitsitsanso, kukamwa nditatseka ngati ndamwa mankhwala owawa. Inadutsa pamalo oipa paja osakhudza kanthu, mpaka pansi. Pokwera, a injiniya anaika chala pagalasi la kompyuta, mzere ukuyenda, ukuyenda, kenako n'kukhotera kumbali. Anaitana mayi wachikulire uja kuti adzaone, ngakhale kwa iwo unali mzere chabe.

"Apa, mayi. Madzi anu akulowera apa, ndipo si amchere."

Mayiwo anayang'ana galasi, n'kuyang'ana dzenje, n'kufunsa ngati adzakhale akutuluka ngakhale mwezi ngati uno. A injiniya anavomera ndi mutu, n'kutembenukira kulole.

"Tsitsani mapaipi! Tiika lero lomwe."