Odwala a Makilo 99

Tsiku limene anamuuza kuti ntchito yatha, mayi wina anatuluka pachipatala atangonyamula kapu yake ya tiyi. Kwa zaka khumi ndi zitatu anali kalaliki wolowetsa makhadi a odwala mu kompyuta, mpaka anzake ankangomutcha Mayi Makhadi. Madokotala atayamba kudzilembera okha pa matabuleti, timakompyuta ta m'manja, iye anasowa chochita.

Mwamuna wake anali atamwalira, n'kumusiyira mwana mmodzi wamkazi. Alamu ake anabwera, nanena mosapita m'mbali kuti chaka chikatha asanapeze ntchito, adzamutenga mwanayo kuti akamulere iwo. Sanali munthu woipa, ndipo zimene ankanenazo zinali zomveka. N'chifukwa chake zinamupweteka kwambiri.

Mnzake wina anamubwereka laputopu yakale yosweka pakona, n'kumuonetsa maphunziro aulere a sayansi ya deta pa intaneti. Kumeneku n'kuphunzitsa kompyuta kuti iziwerenga zolembedwa zakale n'kulosera zimene zingachitike.

Ndisakunamizeni, poyamba mutu unaima. Masamu anali atawasiya kalekale kusukulu. Pulogalamu yake yoyamba inakana kuyenda masiku anayi chifukwa cha kadontho kamodzi kamene anaiwala. Mayeso oyamba analephera, achiwiri chimodzimodzi. Analira, n'kutseka laputopuyo sabata yathunthu. Koma ankati akaona mwana wake akuvala yunifolomu m'mawa, mantha omutaya ankaposa manyazi olephera, ndiye anaitsegulanso. M'gulu la ophunzira la pa foni, wamkulu anali iyeyo, ndipo ankafunsa ngakhale mafunso amene achinyamata ankamuseka nawo. Iye ankangoti safunsa anadya phula.

Kutatsala milungu itatu kuti chaka chithe, bungwe lina la zaumoyo linamuitana ku mayeso a ntchito pamodzi ndi achinyamata asanu a madigiri. Onse anapatsidwa zolembedwa za odwala zikwizikwi, kuti kompyuta ilosere amene angasiye kudzatenga mankhwala.

Achinyamatawo anamaliza msanga, onse yankho limodzi: odwala onenepa, a makilo 99, ndiwo amasiya mankhwala. Mayi Makhadi anatsalira, maso ali pa nambalayo. Inkaoneka paliponse, ngakhale pa ana a zaka zisanu.

Mkulu woyesa atamufunsa chimene chikumuchedwetsa, iye anayankha.

"Bwana, anthu awa sanayezedwe n'komwe. Sikelo ikafa, kompyuta imakana kuti musiye malo opanda kanthu, pomwe mzere wa odwala wafika panja. Ndiye timangolemba 99 kuti munthu apite. Ineyo ndalembapo kosawerengeka."

Kenako anafotokoza kuti vuto silinali kunenepa ayi, koma zipatala zosowa zipangizo, kumene odwala amadikira mpaka kutopa n'kusiya kubwera. Anachotsa manambala abodzawo n'kuphunzitsanso kompyutayo. Inamaliza mochedwa, koma inaloza odwala enieni ofunika kuwatsatira.

"Mayi, zimenezi munaziphunzira kuti?" anafunsa mkulu uja.

"Pampando umene anandichotsapo, bwana."

Kalata yomulemba ntchito inafika patapita masiku asanu. Anaimbira foni alamu ake kuwauza nkhaniyo. Iwo atamva, anangofunsa ngati mwanayo akufunika nsapato zatsopano za kusukulu. Atadula foni, mayiyu anakhala pansi pakhonde n'kulira misozi imene anaisunga chaka chathunthu. Mwanayo akukhalabe ndi mayi ake mpaka lero.

Inu amene mwayamba kuphunzira zatsopano muli aakulu, mukuona ngati achinyamata akusiyani kutali, musanyoze zaka zimene munagwira ntchito yonyozeka. Mukudziwa zinthu zimene buku silingakuuzeni. Lirani ngati zawawa, koma mawa mutsegulenso phunzirolo. Mtima wokhawo musautaye.