Dzina Limene Ndinayankhira Padoko

Anandiitana Lachiwiri m'mawa, tikutsitsa matabwa m'sitima. Kapitawo anati kuofesi kuli alendo anga. Anali awiri, a imigireshoni, atagwira pepala la mayina a tsikulo.

Padoko lija, kum'mawa kwa London, ambiri tinali aganyu. Sitima zikachuluka ankatenga aliyense, zikachepa a kumunsi kwa mndandanda ankabwerera kwawo. Wosayankha poitana mayina ankamutsitsira kumunsi. N'chifukwa chake mnzako akachedwa unkamuyankhira.

M'mawa umenewo ndinayankhira bambo wina wachikulire wa ku Zimbabwe, mwana wa Amalawi a m'mafamu, amene tinkapemphera limodzi ku Romford. Basi inali itawasiya. Sindinkadziwa kuti mapepala awo anatha. Alendo aja anali pageti ndipo anandimva. Pasipoti yanga inali kuboma, kokonzetsa viza, choncho ndinalibe chowaonetsa kuti dzina ndinayankhalo silinali langa.

Anandisunga masiku khumi ndi limodzi, m'chipinda cha mabedi awiri ndi zenera losatseguka. “Kuno si kundende, bambo,” ankatero mlonda akukhoma chitseko. Mnzanga wa bedi linalo anamutengera kubwalo la ndege Lachisanu. Nsapato yake imodzi inatsala.

Pofika tsiku lachitatu anali atadziwa kuti si ine. Ankafuna mkulu uja. Wofunsayo anali waulemu, anandipatsa tiyi.

“Tiuzeni kumene amakhala, lero mukagona kwanu.”

Nyumbayo ndinkaidziwa, Khirisimasi ya chaka chathacho ndinadyera komweko. Koma ndinakhala mtolankhani ku Blantyre zaka zisanu ndi ziwiri, ndipo kubisa wokuuza nkhani ndinakuphunzira bwino. Ndinathokoza tiyi. Anandifunsanso kawiri, ine n'kuthokozanso kawiri.

Pasipoti itapezeka ananditulutsa Loweruka, katundu wanga ali m'jumbo. Mawa lake kutchalitchi mkulu uja anandigwira dzanja nthawi yaitali. Padoko sanabwerekonso.

Lolemba ndinapita ndikuyembekezera kupeza dzina langa kumunsi kwenikweni. Linali pomwe ndinalisiya. Anzanga, Mpolishi ndi Aghana awiri, ankandiyankhira mosinthana. Kapitawo ankadziwa, koma sitima za Khirisimasi zinali zitandanda pamtsinje, antchito akuchepa, ndiye maso ake sankachoka papepala.

Ndinkaganiza kuti ufulu ndiumva potuluka pageti la kumene anandisunga kuja Loweruka, koma kumeneko ndinangomva kuzizira. Ndinaumva ndili pamzere, mvula ikuwaza, kapitawo atafika pa dzina langa. Ndisanatsegule pakamwa, anthu atatu anali atayankha kale.