Mpanda Umene Bambo Anabzala ku Lang'ata

Ndikukumbukira fungo la mpanda wathu wa zitsamba ku Lang'ata, mumzinda wa Nairobi, kuposa mmene ndimakumbukirira nkhope za anzanga akusukulu. Ukachita maluwa, timaluwa toyera tambirimbiri, fungo lake linkalowa mpaka m'zovala zoyanika pachingwe, ine n'kumayetsemula mpaka misozi. Koma pakhomo pathu palibe amene ankayerekeza kuunena zoipa mpandawo, chifukwa anaubzala ndi bambo.

Ndinali ndi zaka khumi pamene bambo anatisiya, chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Tinakawaika kwathu ku Dedza, kenako ine ndi amayi tinabwerera ku Nairobi, poti amayi ankagwira ntchito ku bungwe lina ku Westlands. Zovala za bambo abale anagawana kumudzi monga mwa mwambo. Chimene chinatitsalira ndi mpanda uja wa zitsamba zotchedwa puriveti, zobiriwira chaka chonse, umene bambo ankadulira ndi chisizasi chawo chachikulu Loweruka akuimba nyimbo zakutchalitchi mosokoneza mawu. Iwo atapita, amayi analetsa kuudulira. Unakula mmene unafunira, n'kuyamba kubala tizipatso takuda, ndipo apumbwa ankachita phwando m'mawa uliwonse.

Pansi pa mpandawo pankamera mbande zosawerengeka. Amayi anali munthu woti mlendo sachoka pakhomo pawo chimanjamanja, choncho ankazula mbandezo n'kumaziika m'zitini. Azimayi a Chimalawi okhala kudera la Pangani akabwera kudzatipepesa, ankabwerera pa matatu, maminibasi a kumeneko, atakumbatira chitini pamiyendo. Chitini chimodzi, chachikulu kuposa zonse, amayi ankachisunga pakhonde. Mbande ya mmenemo inali yoti tikaibzale pamanda a bambo tsiku lomanga chiliza, ndipo ntchito yoithirira inali yanga. Ndinkaithirira ndisanasambe n'komwe, ndipo nthawi zina ndinkaiuza za kusukulu.

Ndiye kunabwera azakhali anga a Tiyamike, mlongo wawo wamng'ono wa bambo. Iwo ankaphunzira za zomera ku yunivesite, ndipo ankafufuza mmene zitsamba zobwera zimathawira m'mipanda ya anthu n'kukalowa m'nkhalango. Ankafika kwathu nsapato zili matope okhaokha. Tsiku lina anaima pakhonde n'kuchiyang'ana chitini chija kwa nthawi.

"Alamu, ichi chikupita kuti?" anafunsa.

"Ku Dedza, kwa achimwene anu," anayankha amayi.

"Pepani alamu, koma mtengo umenewu usapite kumudzi. Ndi wolanda malo."

Amayi anaika pansi nsalu imene ankapinda. "Sukuluyi ndiye yakuphunzitsani kudana ndi zimene anabzala achimwene anu?"

Ine ndinapsa mtima kuposa amayi, moti madzulo ake ndinawapatsa azakhaliwo madzi osamba m'manja ndikuyang'ana kumbali.

Loweruka lotsatira azakhali anapempha kuti tiwaperekeze kunkhalango kumene ankagwira ntchito yawo, kunja pang'ono kwa mzinda. Amayi anavomera chifukwa cha ulemu chabe, poti mlamu sakanizidwa pamaso pa mwana. Titatsika matatu tinalowa m'kanjira kozizira. Dzuwa linkadutsa m'masamba, agulugufe ali balalabalala, ndipo pansi panali udzu, timitengo ndi zomera zamitundumitundu. Titayenda pang'ono kunayamba kuda, ndipo ndinayetsemula. Linali fungo la kwathu.

Kulikonse kumene ndinayang'ana kunali puriveti, wothithikana, wamtali kuposa nyumba. Pansi panali dothi lokhalokha ndi mbande zake zomwe. Azakhali anatisonyeza zikhomo ndi zingwe zimene anamanga kuti aziona ngati mbande za mitengo yachilengedwe zikupulumuka m'katimo. Kenako anagwira thunthu la mtengo wina waukulu, wokalamba.

"Uwu umagwetsa mbewu chaka ndi chaka, koma onani, ulibe mwana ngakhale mmodzi. Dzuwa silifika pansi. Ukadzagwa, mtundu wake pano watha."

"Nanga anabzala zonsezi ndani?" anafunsa amayi.

"Palibe, alamu. Ndi mbalame. Zimadya zipatso m'mipanda ngati wathu uja, n'kudzasiya mbewu kuno." Kenako azakhali anapitiriza motsitsa mawu. "Kwathu kuja nkhalango yatsala kumanda kokha. Misuku ija, mikuyu ija, ilipo chifukwa kumanda sitidula mitengo. Ndiye uwu ukakamera kumeneko, adzauzule ndani? Achimwene agona pansi pa mitengo imene agona amayi ndi agogo. Sindikufuna kuti mtengo wa achimwene ndiwo udzaiphe."

Apa m'pamene ndinaona kuti azakhali akulira. Ndinali nditaiwala kuti nawonso anali ndi maliro.

Tinabwerera kunyumba. M'mawa mwake ndinadzutsidwa ndi phokoso la chisizasi cha bambo. Amayi anali panja atamanga chitenje m'chiuno, akudulira mpanda, nthambi zamaluwa ndi zazipatso zili mbwee pansi. Sanauzule, ndipo azakhali sananene kuti auzule. Anangousunga waufupi kuti usamabalenso. Masabata otsatira amayi anayenda khomo ndi khomo ku Pangani kukapempha kuti mbande zija zizulidwe. Kuitanitsa mphatso imene unapereka wekha n'chinthu chochititsa manyazi, koma anachita.

Chitini cha pakhonde anachisiyira ine. "Chikondi, waithirira ndiwe, uizulenso ndiwe," anatero. Ndinalira kwambiri, ndipo ndinawapempha kuti tingoibzala kuseri kwa nyumba. Anapukusa mutu, n'kugwada pambali panga mpaka nditaizula. Mizu yake inali itadzaza kale chitini chonse.

Tsiku lomanga chiliza tinafika ku Dedza opanda chitini. Azakhali anakumba kamsuku kamene kanamera kokha m'mphepete mwa msewu, ndipo ine ndinakabzala kumutu kwa bambo. Chaka chatha ndinapitako ndi ana anga. Msukuwo wandipitirira kutalika, ndipo pansi pake pamera timitengo tina timene sindidziwa n'komwe maina ake.

Ndili mwana ndinkaganiza kuti kukonda bambo ndiko kusakhudza chilichonse chimene manja awo anasiya. Lero ndimadziwa kuti tinasokoneza. Chimene bambo anatisiyira sichinali chitsamba chokha ayi, chinalinso chisizasi chija. Iwo ankaukonda mpandawo, n'chifukwa chake Loweruka lililonse ankaudulira.