Tizinkhwe ta Che Bakari

Che Bakari a m'mbali mwa Shire ankadziwika ndi ulimbo. Ankatchera m'nkhalango ya mitsanya, pamene tizinkhwe tobiriwira ta nkhope yofiira tinkatsikira kudzamwa madzi. Akatigwira ankatipukuta nthenga ndi mafuta a nsatsi, n'kupita nato pa siteshoni ya Balaka, pomwe akazi a azungu ankagula pa mawindo a sitima. Sanaphepo n'kamodzi komwe.

"Mbalame yovala bwino chonchi sadya," ankatero.

M'chaka cha 1949 mvula inadula chimanga chisanamasule. Mwana wawo Binti anayamba kutupa mapazi, kenako analeka ndi kulira komwe. M'nyumba munatsala kansengwa ka mapira basi, ndipo tsiku lina mkazi wawo, Rukiya, anawapeza akutapamo kuti adyetse mbalame za m'chikwere.

"Bambo a Binti, mukulanda mwana kuti mupatse mbalame?"

"Zikaonda palibe angagule. Ndikabwera ndi ufa, mayi, pirirani."

"Ndipirire ine, kapena uyu wagona apayu?"

Che Bakari anathira mapirawo m'chikwere. Anasenza chikwere n'kuuyamba ulendo.

Pa siteshoni panali podzaza ndi anthu odikira chimanga cha boma. Sitima itafika, Che Bakari anathamanga m'mbali mwake atakweza chikwere m'mwamba, koma mawindo a azungu anali otseka poopa manja opempha. Inanyamuka osawaona.

Pobwerera dzuwa linali loswa mtengo. Atasuzumira m'chikwere anapeza kamodzi katauma kale, tina tikupuma ndi kukamwa. Kwa Msilamu ngati iwo mbalame yofa yokha ndi haramu, siidyedwa. Akazengereza, kunyumba akafika chimanjamanja. Anagwada pamsewu, anatulutsa kampeni kopalira ulimbo, nayamba kuzinga kamodzikamodzi, Bisimila, dzina la Mulungu, ali pakamwa, akupikisana ndi imfa. Tambiri tinawafera m'manja mpeni usanafike. Timeneto anatisiya pa udzu.

Zimene anafika nazo sizinadzaze ndi chikhatho chomwe. Rukiya sanafunse za ufa. Anatereka kamphika, n'kumwetsa Binti msuzi wake pang'onopang'ono. Mwanayo anameza, ndipo anatsegulanso kukamwa.

Che Bakari anakhala pakhonde, nthenga zobiriwira zitamatirira m'zala. Kenako anadzuka, anatenga chigoba cha ulimbo, n'kunolanso kampeni kaja pamwala.