Aphunzitsi a tiyi wa m'zitini

Kuseri kwa msika wa Furancungo kumakhala aphunzitsi ena opuma ntchito amene sanavomerebe kuti nkhondo inathetsa tiyi. Masamba enieni anasowa kalekale m'sitolo, koma iwo amayanika padenga chidede, makoko a mapichesi ndi masamba a mandimu, n'kumasakaniza m'zitini. Chitini chilichonse amachipatsa dzina la mzinda umene msewu wake unatsekedwa. "Lero timwa Beira," amatero, maso ali kumapiri ngati akumva mafunde.

Tsiku lina kunabwera sekeretariyo wa bairo, woyang'anira dera lawolo m'dzina la boma, atamva kuti mkuluyu akuzembetsa tiyi wa ku Malawi. Mlandu wa kandonga, malonda ozembetsawo, unkathera pa chikwapu, anthu akuonerera. Aphunzitsi ankazidziwa zimenezo, komabe anamuikira kapu patsogolo.

"Kamarada, mlandu wa tiyi sauweruza osalawa," anatero aphunzitsiwo.

Sekeretariyo analawa Tete, analawanso Beira, kafukufuku n'kufika pa chitini chachinayi. Pamenepo anatsinzina.

"Ameneyu ndi wa kuti, aphunzitsi?"

"Sindinamupezere dzina."

"Ndi Zóbuè ameneyu, pakhonde pa amayi anga," anatero sekeretariyo motsitsa mawu. Kenaka anakonza kolala. "Mlanduwu ndi wovuta kwambiri. Ndibweranso mawa kudzapitiriza."