Tayala Losapereka Moni

Ndinali ndi zaka khumi pamene ndinapeza malo pasukulu ina yabwino ku Kwekwe. Tinkakhala ku Torwood, ndipo ndinali ndi mphumu. M'mawa chifuwa chinkandibanika, moti ndinkanyamuka chikatsika, kuyenda kwake kwa nkhalamba. Amayi anandiuziratu kuti basi ikamandisiya, ndibwerera kusukulu yapafupi. Amayi anga sankanena chinthu kawiri.

Woyendetsa basi ya sukuluyo anali a Mwale, mkulu wachipewa chakutha amene kale ankagwira ntchito kufakitale ya zitsulo ku Redcliff. Anali ndi kachizolowezi kotopetsa. Akaima pamtengo wa jakaranda pomwe ndinkakwerera, ankatsika n'kumazungulira basi, kumenya tayala lililonse ndi nsapato, khutu lili tcheru ngati akugula chivwende.

"Handei, sekuru! Tiyeni, agogo!" ana ankakuwa m'mawindo.

"Tayala ili silinandipatse moni," ankayankha, osathamanga magazi.

Ine ndinkatulukira pakona ndili wefuwefu, n'kukwera, ndipo mpweya ukangobwerera ndinkakuwa nawo. Pakamwa ndinali napo! Dzina loti Sekuru Tayala ndinawapatsa ndine. Kunyumba ndinkadzitama kuti basi sinandisiyepo.

Tsiku lina a Mwale anapita kumaliro ku Gweru, kunabwera dalaivala wina. Ndinafika pajakaranda nthawi yanga yamasiku onse, koma ndinangopeza fumbi ndi fungo la dizilo. Ndinabwerera ndikulira. Amayi anati ikandisiyanso kamodzi, nkhani ya ku Kwekwe yatha.

M'mawa mwake chifuwa chinandigwiranso. Ndinayenda mtima uli m'mwamba, ndipo nditakhota pakona ndinaiona basi itaima. A Mwale anali atanjuta patayala lakumbuyo, koma maso awo sanali patayalapo, anali kunjira yanga. Atandiona anadzuka, n'kusasa fumbi m'manja.

"Landipatsa moni tsopano. Tiyeni!" anauza ana.

Masana ndinadikira anzanga atsike, ndinatsala ndekha pakhomo la basi.

"Sekuru, kodi matayala aja amavutadi?"

Anaseka mpaka chipewa chinapendekeka. "Ndi atsopano, Esinati mwanangu. Koma anthu akatopa kudikira amafuna womunena. Bola azinena ine."

Manyazi anandigwira, koma kunena zoona chimwemwe chinaposa. Sukulu ya ku Kwekwe ndinaimaliza, ndipo palibe mwana anadziwa kuti chaka ndi chaka basi yonse inkadikira ine. Ndinamvetsa ndili wamkulu kuti kudikira munthu n'kosavuta, chovuta n'kumudikira osamuchititsa manyazi.

Mphumu inandisiya ndili mtsikana, ndipo lero ndine amene ndimayendetsa basi ya sukulu. Ku Gaika kuli kamtsikana kena kamene kamayamba kasiya mng'ono wake kwa aneba kasanabwere kudzakwera. Ndikafika kumeneko ndimatsika n'kumamenya matayala. Ana am'basimo amati ine Amai Tayala ndili ndi misala, ndipo wokuwa kwambiri ndi kamtsikana komweko.